Dzenje Liyambe, Makala Atsatire

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Amayi ndi abambo nonse a m'boma la Chongwe, kuyambira ku Kasisi ndi ku Palabana mpaka ku Chalimbana ndi ku Kanakantapa, ndi inu amene mukutimvera muli m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa Great East, yakwananso nthawi ya zaulimi. Lero tikambirana za nthaka ya m'munda wa chimanga: mmene timailimira, komanso za makala ophwanyaphwanya amene akatswiri akuti tizikwirira m'nthaka, aja amawatchula kuti biochar.

Aliyense amene anatsegulapo munda pamalo pomwe panadutsa owotcha malasha amadziwa zimene zimachitika pamene panali uvuni. Chimanga cha m'munda monse chikhoza kukhala chachikasu, cholekeza m'chiuno, koma pa kabwalo kakuda kaja chimaima chobiriwira, mapesi onenepa, ndipo maungu akabzalidwa pomwepo amayanga mpaka kusefukira kunja. Si maso athu okha amene aona zimenezi. Ku Ejura m'dziko la Ghana ofufuza anayeza zokolola za pamalo otere, ndipo zimene anafalitsa mu 2004 zinasonyeza kuti chimanga cha pa uvuni chinaposa cha pambali pake ndi 91 peresenti. Munthu akamva zotere amafulumira kunena kuti basi, mankhwala a nthaka yathu yoguga apezeka, tingothira makala n'kumakolola. Komatu pa uvuni sipakhala makala okha. Pali phulusa la mitengo yambirimbiri, lomwe lili ndi potaziyamu ndi kashiamu ndipo limachepetsa asidi m'nthaka. Pali moto umene unapha njere za udzu. Ndipo zonsezi zaunjikana pa kamalo kakang'ono, sizinamwazike m'munda monse. Mfundo yanga lero yagona pamenepa. Makala amapindulitsa mlimi wamng'ono pokhapokha akakhala ndi malo okhazikika oti aziunjikanamo chaka ndi chaka, ndipo chimene chimapereka malo otero ndi kalimidwe. Amene sanakonze kalimidwe kake asavutike n'kuwotcha makala a m'munda, angotaya mphamvu pachabe.

Tiyambe ndi pulawo, poti ndiyo imene alimi ambiri kuno amaikhulupirira. Vuto lake loyamba ndi la nthawi. Pulawo siilowa m'nthaka youma, choncho mlimi amadikira kuti mvula iyambe yafewetsa pansi. Mwini ng'ombe amayamba munda wake, wolipira kapena wobwereka n'kumadikira, mwina milungu iwiri, mwina itatu. Ng'ombe zakezo zimatuluka m'chilimwe nthiti zili pamtunda, sizingakoke tsiku lonse. Pamene wotsiriza akuponya mbewu, Disembala wafika kale pakati. Tsono dera lathu lino limalandira mvula ya pakati pa mamilimita 800 ndi 1,000 pachaka, ndipo pafupifupi yonse imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi. Nyengo yake ndi yaifupi, siidikira munthu. Alangizi a zaulimi amawerengera kuti tsiku lililonse limene mlimi wachedwa kubzala mvula yobzalira itagwa limamudyera 1 kapena 2 peresenti ya zokolola. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti mvula yoyamba ikagwera nthaka youma, tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'dothi timadzuka n'kumasula nayitirojeni wambiri nthawi imodzi. Ngati m'munda mulibe mizu ya chimanga yoti imugwire, amadyedwa ndi udzu, wotsalayo mvula zotsatira zimamutsitsira pansi pomwe mizu siifika. Ameneyu ndi feteleza waulere amene timamutaya chaka chilichonse tikudikira ng'ombe za eni.

Vuto lachiwiri lili pansi, ndipo mukhoza kudzionera nokha. Pulawo ikamadutsa pa kuya komwekomweko zaka zambiri, pansi pake pamatsala dothi logogomezeka, lolimba gwa, kawirikawiri masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pamwamba. Khasu lamanja lounda mizere limachitanso chimodzimodzi, chifukwa limangopala pamwamba. Mukazula phesi la thonje kapena la mpendadzuwa m'munda wotere, yang'anani muzu wake wapakati: m'malo molunjika pansi, umafika pa dothi lolimbalo n'kupindika, kuyamba kuyenda cham'mbali. Mizu ya chimanga nayo imangoyala m'kadothi kapamwambako. Madzi a mvula amalephera kulowa, amathamanga pamtunda atanyamula dothi labwino kupita nalo kumtsinje, ndiye dzuwa likangoomba sabata imodzi chimanga chayamba kale kupota masamba. Kutembenuza nthaka yonse chaka ndi chaka kumafulumizitsanso kutha kwa zowolerana zimene zimaipatsa chonde, makamaka ngati mapesi atha ndi moto wa osaka mbewa. Pulawo ili ndi ubwino umodzi waukulu umene sitingaukane: imakwirira udzu, munda n'kuyera. Nkhani ya udzuyi tiibwereranso, chifukwa ndi pamene pali mtsutso weniweni.

Mavuto amenewa ndi amene anachititsa kuti mu 1996 pakhazikitsidwe bungwe la Conservation Farming Unit pansi pa Zambia National Farmers Union. Inali nthawi yowawa: chilala cha 1992 chinali chikadali m'maganizo a anthu, boma linali litachotsa thandizo pa mitengo ya feteleza, ndipo matenda a denkete anali atapulula ng'ombe zambiri. Potengerako nzeru zimene Brian Oldreive anayesa ku Zimbabwe, bungweli linaphunzitsa alimi kukumba maenje obzalamo ndi khasu lolemera lija la chaka. Dzenje lililonse ndi la masentimita 30 m'litali, 15 m'lifupi, 20 kuya kwake kuti liboole dothi lolimba lija. Kuchoka pa dzenje kufika pa linzake masentimita 70, pakati pa mizere 90. Pa hekitala amakwana pafupifupi 15,850, ndipo dothi lokumbidwa limangokhala gawo limodzi mwa magawo khumi a munda wonse. Kwa amene ali ndi ng'ombe pali ripa, imene inakonzedwa ku malo a kafukufuku a Magoye m'chigawo cha Kumwera. Imang'amba kamzere kozama osatembenuza dothi, ndipo siidikira kuti mvula igwe. Lamulo lalikulu pa njira ziwirizi, lomwe ambiri amaliiwala, n'lakuti dzenje kapena mzere uzikhala pamalo omwewo chaka chilichonse, kuti manyowa, laimu ndi feteleza wotsalira azipezana pomwepo.

Kodi zimenezi zimachulukitsadi chimanga? Zimachulukitsa, koma osati kwa aliyense. Mu 2015 Hambulo Ngoma, Nicole Mason ndi Nicholas Sitko, pogwira ntchito ndi bungwe la IAPRI ku Lusaka, anafalitsa zimene anapeza atasanthula zokolola za minda zikwizikwi ya alimi ang'onoang'ono m'dziko muno. Ripa ikadutsa mvula isanagwe, chimanga chimaposa cha pulawo ndi kupitirira theka la tani pa hekitala, ndiye kuti matumba oposa khumi a makilogalamu 50. Maenje okumbidwa mvula isanagwe anaposa kulima kwa khasu wamba ndi pafupifupi makilogalamu 200, matumba anayi. Koma pamene ntchitozi zinagwiridwa mvula itayamba kale, phindu limeneli silinaoneke. Chaka chomwecho magazini ya sayansi ya Nature inatulutsa ntchito ya Cameron Pittelkow ndi anzake, amene anasonkhanitsa malipoti a kafukufuku okwana 610 ochokera m'mayiko 63. Iwo anapeza kuti kungosiya kutembenuza nthaka, popanda kuchita china chilichonse, kumatsitsa zokolola. Kumazikweza m'madera ouma odalira mvula ngati mlimi akuphimbanso nthaka ndi mapesi ndiponso kusinthasintha mbewu. Ndiye kuti mphamvu ya dzenje ili pa zinthu ziwiri: limalola mlimi kubzala tsiku lomwe mvula yobzalira yagwa, ndipo limasonkhanitsa madzi ndi chakudya cha mbewu pamalo amodzi. Wokumba maenje mu Disembala wangodzizunza.

Tsopano makala aja. Amapangidwa potentha zinthu monga zitsononkho, mitengo ya nandolo kapena makoko a mtedza pamoto wosowa mpweya wokwanira, kotero kuti sizifika posanduka phulusa, zimatsala zakuda, zopepuka. Mukathyola chitsononkho chowotchedwa chotere n'kuchiyang'anitsitsa muona kuti ndi timabowo tokhatokha, ndipo tambiri n'tating'ono kwambiri moti maso sangatione. Timabowo timeneti timasunga madzi amene mumchenga akanangodutsa. Makoma ake amagwira mchere wa m'nthaka monga potaziyamu, kashiamu ndi amoniya wochokera ku feteleza kuti usakokoloke msanga. Kaphulusa kamene kamatsalira m'makalamo kamachepetsa asidi, ndipo asidi akachepa, aluminiyamu amene amapsereza nsonga za mizu amaleka kuvuta, fosifolasi wa mu D Compound n'kuyamba kufika ku mbewu. Koma makalawo paokha alibe nayitirojeni woti n'kudyetsa chimanga. Ali ngati nkhokwe: yomangidwa bwino imasunga chimene mwaikamo, koma yopanda kanthu siidyetsa banja. Amene angakuuzeni kuti makala alowa m'malo mwa feteleza kapena manyowa akukunamizani.

Mwayi wake, sitikudalira za kunja zokha. Zinayesedwa m'Zambia muno. Ofufuza a ku Norway motsogozedwa ndi Gerard Cornelissen, pamodzi ndi a pa Yunivesite ya Zambia ndi a Conservation Farming Unit, anathira makala a zitsononkho ndi a mitengo m'maenje obzalamo pa malo asanu, pamlingo wa matani 4 pa hekitala, ndipo mizere yoyerekezera nayo inalandira feteleza. Zotsatira zinatuluka mu 2013. Ku Kaoma, pa mchenga woyera wa m'chigawo cha Kumadzulo, chimanga chinachuluka katatu mpaka kupitirira kanayi. Pa munda wa yunivesite kum'mawa kwa Lusaka, kufupi ndi ife kuno, pa dothi lofiira losakanikirana ndi mchenga, chinaoneka kukwera ndi 30 mpaka 40 peresenti, koma zokolola zinali zosiyanasiyana kwambiri moti ofufuzawo sanathe kutsimikiza kuti ndi makala anachita zimenezo. Pa malo ena atatu a dothi lolemera, lamakande, panalibe kusintha koti n'kuloza. Ofufuza ena anafukula mizu m'minda yoyeserayi, ndipo mu 2015 analemba kuti mizu ya chimanga cha m'makala inali yochuluka pafupifupi kawiri. Naye Simon Jeffery ndi anzake, ataphatikiza zoyesa za padziko lonse mu 2017, anapeza kuti m'mayiko otentha makala amakweza zokolola ndi 25 peresenti tikatenga pakatikati, pamene m'mayiko ozizira a nthaka yachonde sakweza n'komwe. Boma lathu la Chongwe lili ndi dothi lamitundumitundu. Amene munda wake ndi wamchenga, woguga, wa asidi, wouma msanga mvula ikangodukiza, ali ndi chifukwa choyesera. Amene ali pa katondo wolemera kapena pa makande a m'mbali mwa dambo asayembekezere zambiri, ndipo nambala ya ku Kaoma ija asaiwerengere ngati yake.

(Nyimbo yaifupi)

WOULUTSA: Mvetsetsani mlingo uja, matani 4 pa hekitala. Kumayiko ena oyesa amathira matani 20 kapena kuposa, chifukwa amamwaza m'munda monse. Kuno anakwanitsa ndi 4 chifukwa anaika m'maenje mokha, m'gawo limodzi lija mwa magawo khumi, pamene pali mizu. Dzenje lililonse linalandira pafupifupi magalamu 250, ndiye kuti chitini cha lita imodzi kapena kupitirirako pang'ono, poti makala ndi opepuka. Kuti dothi la munda wonse wolimidwa ndi pulawo likhale ndi makala ofanana ndi a m'dzenjemo, pangafunike matani oyandikira 40. Apa wina afunsa kuti, nanga anayi omwewo ndiwatenga kuti? Funso limeneli ndi lolemera kuposa onse, ndipo ambiri olimbikitsa makala amalizemba. Tiyeni tiwerengere limodzi. Hekitala imene yatulutsa matumba 40 a chimanga imasiya zitsononkho zolemera pafupifupi makilogalamu 400. Mukaziwotcha bwino mupeza makala osapitirira makilogalamu 100. Amenewo akwana maenje 400 okha, pamene lima imodzi, kota ya hekitala, ili ndi maenje pafupifupi 4,000. Ndiye kuti zitsononkho za hekitala yathunthu zingatenge zaka khumi kuti zikwanire lima imodzi. Masamu amenewa akanatseka nkhani yonse pakanapanda chinthu chimodzi: makala sawola msanga. Manyowa amatha m'nyengo ziwiri zitatu, koma makala amakhala m'nthaka zaka makumimakumi, ena mazanamazana. Ku Amazon m'dziko la Brazil kuli dothi lakuda lotchedwa terra preta, limene linapangika ndi makala, zinyalala ndi mafupa a pamidzi ya anthu akale, ndipo likadali lachonde mpaka lero. Choncho maenje 400 amene mwathira chaka chino safunanso ena chaka chamawa. Mumapitirira pa 400 otsatira. Komatu zimenezi zimatheka pokhapokha dzenje likakhala pomwepo. Mukangodutsitsapo pulawo, makilogalamu 100 aja amamwazika m'dothi lonse osasiya mphamvu iliyonse, ena amatulukira pamwamba n'kuyandama ndi madzi. Chenjezo limodzi apa: mphamvu yochepetsa asidi imazilala pakapita nyengo zingapo, monga anaonera ofufuza a ku Norway omwewa ku Indonesia, chotsalira nthawi yaitali ndi timabowo tosunga madzi tija.

Wina aganiza kuti njira yachidule ilipo, nkhalango. Ayi ndithu. Matumba a malasha amene amaima m'mbali mwa msewu wa Great East, ndi aja amanyamulidwa pa njinga m'bandakucha kulowera ku Lusaka, atimalizira kale mitengo yambiri, ndipo m'zaka zapitazi taona mtsinje wa Chongwe ukuphwa m'chilimwe mpaka tauni kusowa madzi. Zifukwa za kuphwa kwa mtsinjewu n'zingapo, koma kumeta mitengo kumtunda kwake sikungauthandize. Kugwetsa msuku kapena mtondo kuti tikwirire makala ake m'munda wa chimanga n'kuwononga chachikulu pofuna chaching'ono. Mapesi a chimanga nawonso asawotchedwe. Ntchito yawo ndi kuphimba nthaka, ndipo ng'ombe ndi chiswe zikulimbirana kale omwewo. Zoyenera kuwotcha ndi zimene tikuzitaya kale: zitsononkho zotsala pa zophikira, mitengo ya nandolo akatha kubala, mapesi a thonje omwe alimi amayenera kuwazula n'kuwatentha pofuna kupha tizilombo, mapesi a mpendadzuwa, makoko a mtedza, nthambi zosadzulidwa ku gilirisidiya. Onjezanipo fumbi la malasha limene limangounjikana pansi pamisika. M'maganizo anga nandolo ndiye woposa zonse: amapereka ndiwo, amasiya nayitirojeni m'nthaka, muzu wake umaboola dothi lolimba, n'kutisiyiranso mitengo yowotcha. Mlimi wosinthasintha chimanga ndi nandolo safunika kukasaka zowotcha kunja kwa munda wake.

Kawotchedwe nakonso n'kofunika. Uvuni wokwirira ndi dothi uja umafuka utsi masiku angapo, ndipo kafukufuku wa Magnus Sparrevik ndi anzake wa mu 2013, wokhudza ulimi wa m'Zambia muno, anasonyeza kuti utsi umenewu umawononga thanzi la anthu mpaka kufafaniza phindu lambiri la makalawo. Njira yabwino, imene inafalitsidwa ndi bungwe la Ithaka la ku Switzerland cha mu 2014 pa dzina la Kon-Tiki, siifuna kugula kanthu. Kumbani dzenje lotambasuka kukamwa, lopapatiza pansi, pafupifupi mita imodzi ndi theka pamwamba pake, kutali ndi nyumba ndi udzu. Yatsani kamoto pansi penipeni ndi tinkhuni touma. Kakakolera, yalani zitsononkho zouma pang'ono chabe pamwamba. Mukaona kuti zayamba kuchita kaphulusa koyera, yalaninso zina. Lawi la pamwamba limadya utsi ndiponso limatsekereza mpweya kuti usafike pansi, choncho zapansizo zimatsala makala. Utsi ukachuluka, dziwani kuti mwaunjika zambiri kapena n'zonyowa. Dzenje likadzaza, zimitsani ndi madzi ambiri, kapena kwirirani ndi dothi n'kusiya mpaka lizizire. Mukasiya kamoto ngakhale kang'onong'ono, m'mawa mupeza phulusa lokhalokha. Kenaka phwanyani makalawo akhale tizidutswa tosaposa njere ya chimanga, ndipo musawathire m'munda ali okhaokha. Makala atsopano amayamba ayamwa chakudya chimene apeza m'dothi, chimanga n'kuchita chikasu masabata oyamba. Asakanizeni ndi manyowa a m'khola kapena kompositi, anyowe, akhale milungu iwiri kapena kuposa. Ena amawayala m'khola momwemo kuti amwe mkodzo wa ziweto. Pothira, alowe pansi pa dzenje, asakanikirane ndi dothi, n'kukwiriridwa.

Mtsutso waukulu wotsala ndi wa thukuta, ndipo amene amaunena kwambiri ndi amayi, poti kupalira kumagwera iwo. Kukumba maenje 4,000 m'dothi louma la Seputembala ndi ntchito yothyola msana, ndipo munda wosatembenuzidwa umamera udzu msanga, kupalira n'kuchuluka. Izi n'zoona. Alimi ambiri amene anayamba ulimi umenewu anausiya, makamaka mabungwe opereka mbewu ndi feteleza atachoka. Kafukufuku wa Aslihan Arslan ndi anzake a ku FAO anaonetsa kuti pakati pa 2004 ndi 2008 ambiri anabwerera ku kalimidwe kakale. Ken Giller wa ku yunivesite ya Wageningen ndi anzake anachenjezanso mu 2009 kuti ulimi umenewu ukulalikidwa mu Africa mopyola umboni wake, ndipo chenjezo limenelo ndimalilemekeza. Ntchitoyi si yopepuka, koma ikhoza kugawidwa. Maenje amakumbidwa mukangokolola, mu Meyi ndi Juni, dothi likadali ndi kachinyezi, pang'onopang'ono m'mawa uliwonse, osati mothamanga mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Pofika nthawi ya Chakwela Makumbi, pamene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II amapempha mvula ndi kutsegulira nyengo yolima, maenje akhale atatha, manyowa alowa kale. Chaka chachiwiri dzenje lakale limakumbika mosavuta. Pa udzu, ena amapopera mankhwala. A ku Kasisi Agricultural Training Centre, sukulu ya zaulimi imene a Chijezuiti anaiyambitsa mu 1974 ndipo kuyambira cha mu 1990 imaphunzitsa ulimi wosadalira mankhwala, amalimbikitsa kuphimba nthaka ndi kubzala mbewu zoyanga monga kalongonda. Njira iliyonse imene mwasankha, chachikulu n'kusalola udzu kubereka njere, chifukwa m'munda wosatembenuzidwa udzu umachepa chaka ndi chaka ngati njere zatsopano sizikugweramo. Ndiponso palibe wakulamulani kusintha munda wonse. Lima imodzi yosamalidwa bwino ikwanira poyambira.

Pali enanso amene amafunsa kuti, ngati vuto ndi asidi, bwanji osangogula laimu? Akunena zoona. Pa asidi yekha, laimu ndi wosavuta ndiponso wodalirika kuposa makala, ndipo miyala yake imakumbidwa konkuno kufupi ndi Lusaka. Mlimi amene feteleza wake wa FISP sakuonetsa ntchito chaka ndi chaka ayambe wayezetsa dothi, kudzera kwa mlangizi wa m'dera lake kapena ku Mount Makulu ku Chilanga, chifukwa pa dothi la asidi wambiri gawo lalikulu la fosifolasi limamangika osafika ku mbewu. Chimene laimu sangachite ndi kusunga madzi mumchenga. Pamenepanso tisakokomeze. Chilala cha nyengo ya 2023 mpaka 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse, chinapsereza pafupifupi mahekitala 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga. Ng'amba ya milungu isanu chimanga chikumasula ngayaye palibe makala amene angaigonjetse. Chimene dzenje lozama, lophimbidwa, lokhala ndi makala lingachite ndi kuwonjezera masiku owerengeka chimanga chisanafote. Zaka zambiri ng'amba zathu zimakhala zazifupi, ndipo masiku owerengekawo ndi amene amalekanitsa wokolola ndi wogula ufa.

Mwina mumvanso za makampani olipira alimi chifukwa chokwirira makala, poti kaboni amene akanapita mumlengalenga watsekeredwa m'nthaka. Malonda amenewo alipodi padziko, koma musasaine pepala limene simunalimvetse, ndipo musawotche chilichonse chifukwa cha ndalama zongolonjezedwa. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pempho langa ndi ili. Chaka chino sankhani mizere khumi ya maenje kumbali ya munda imene imakuvutani kwambiri. Isanu muthire manyowa osakaniza ndi makala, isanu inayo manyowa okhaokha a mlingo womwewo, modumphitsa mzere ndi mzere kuti pasakhale mbali yokonderedwa. Mbewu ikhale imodzi, tsiku lobzala limodzi, feteleza wofanana, ndipo mukhome zikhomo kumapeto kwa mizere kuti maenje asasowe chaka chamawa. Pokolola muyeze padera ndi chitini chimodzi, mulembe, ndipo mubwerezenso nyengo yachiwiri musanagamule. Zimene mupeze mukawauze alangizi anu ndi anzanu a m'kopaletivu, ngakhale zitakhala kuti makala sanasinthe kanthu, chifukwa yankho limenelonso lipulumutsa mphamvu za mnzanu wa dothi lofanana ndi lanu. 

(Nyimbo yotsekera)